Kagalu kakang'ono kakayamba kuvuta: zofufuza, zochita, ndi nthawi yothamangira kwa a vet

Nkhani yake imangokhala yomweyomweyo. Munthu waona chithunzi cha ka Maltese kapena ka Chihuahua pa Facebook, wagula, ana kunyumba asangalala, isanathe ndi sabata yomwe uthenga ukulowa pakati pa usiku woti "kagalu kaja kangogona sikakudzuka, nditani?" Ndalemba izi chifukwa funso limeneli likubwerabwera ndipo nthawi zambiri limafika mochedwa.

Chomwe chimatipweteka kwambiri ndi kuzolowera. Ambirife tinakula ndi agalu a pakhomo, aja amadya mkute kamodzi patsiku, kugona pakhonde, akadwala amakadya udzu mawa lake ali bhobho. Nde timatenga kaleredwe komweko n'kukaika pa ka Yorkie, ka Pomeranian, ka Jack Russell ka masabata 8, komwe mwina sikanafike ndi kilo imodzi yomwe. Kathupi kameneko kalibe posungira chilichonse, kaya ndi shuga, madzi, magazi kapena kutentha, zonse zimatha msanga. Zomwe galu wamkulu amapirira masiku atatu, aka kamapirira maola owerengeka basi. Choncho mawu oti "tikaona mawa" muyambe mwawasiya kaye mpaka katakwanitsa miyezi 4 kapena 5.

Musanakabweretse pakhomo

Theka la mavuto ali m'munsimu limayambira apa.

- Musatenge kagalu kosakwana masabata 8. Kwa timitundu tating'onoting'ono ngati Chihuahua ndi Yorkie, bola masabata 10 mpaka 12. Ogulitsa ena amachotsa kwa mayi ake pa masabata 4 kapena 5 kuti kazioneka kakang'ono kwambiri, pitani mukaone mayi ake ndi maso anu ndipo muone kakudya kokha.
- Pemphani khadi la katemera. Khadi lenileni limakhala ndi deti, kasitika kochokera pa botolo la katemera, siginecha ndi chidindo. Mawu apakamwa oti "kanabayidwa kale" sakwana. Katemera amayenera kukhala mu filiji nthawi zonse, nde uja wotulutsidwa m'thumba la jekete musamudalire.
- Funsani chakudya chomwe kamadya, mugule chomwecho cha sabata yoyamba.
- Konzani katoni kapena basiketi, kabulangete, timbale tiwiri tosazama, uchi pang'ono ndi sikelo ya kukhitchini.
- Sungani mufoni nambala ya a vet lero lomwe, mufunsenso ngati amayankha usiku ndi Lamlungu. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira ziweto omwe ali ndi zipatala zawo, kuli zipatala za ziweto zomwe si zaboma, komanso maboma onse ali ndi ofesi ya a vetenale.
- Yendani pakhomo mukuyang'ana pansi. Mankhwala a makoswe, machaja a foni, ndowa ya madzi, mpata wa pansi pa geti, zonsezi zichoke kapena zitsekedwe.

Kafooka, kakunjenjemera, kakudzandira kapena sikakudzuka

Ili ndiye vuto lomwe limapha tiagalu tambiri tamtunduwu, ndipo nthawi zambiri limapeweka.

1. Shuga watsika m'magazi. Chiwindi chake n'chaching'ono, sichisunga mphamvu zokwanira, nde kakangodumphitsa chakudya kamodzi kapena kawiri, kapena ana akasewera nako masana onse osapuma, kapena kayenda ulendo wautali pa minibasi, shuga amatsika. Mudzaona kakuyenda modzandira, maso ali pamodzimodzi, mutu ukulendewera, thupi lozizira, kenako kamayamba kuphupha. Tengani uchi pachala, kapena shuga wosungunula m'timadzi tochepa, mupake pa nkhama zake, osathira m'kamwa ayi chifukwa kagalu kokomoka sikameza, madziwo amalowa m'mapapo. Kafunditseni. Ngati linali vuto la shuga, pakangopita mphindi zochepa kamayamba kutukula mutu, apo kapatseni chakudya chofewa pang'ono, uchi wokha sukhalitsa m'thupi. Kupewa kwake n'kosavuta, kazidya kanayi patsiku mpaka miyezi 3 kapena 4, ndipo chakudya chomaliza chizikhala chausiku musanagone.

2. Kuzizidwa. Juni ndi Julayi ku Blantyre, Dedza, Mzuzu, kapena tsiku la chiperoni, kagalu kogona pa simenti kapena pa matailosi kamazizidwa mpaka kulephera kudya. Gwirani makutu ndi m'kamwa, mukamva kuzizira kaikeni mkati mwa malaya anu pachifuwa, kapena pafupi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga mu tawulo. Kayambe kafunda kaye kenako chakudya. Chonde osakatsekera m'chipinda muli mbaula, mpweya wa makala umapha anthu, nanga kagalu ka kilo imodzi?

3. Magazi achepa. Tukulani mlomo muone nkhama. Zabwino zimakhala zofiirira, mukadina ndi chala zimayera kenako mtundu umabwerera masekondi awiri asanathe. Zikakhala zotuwa kapena zachikasu ndiye kuti magazi akutha, mwina ndi utitiri wochuluka, njoka zam'mimba zoyamwa magazi, kapena matenda a nkhupakupa aja ena amati tick fever. Amenewa amabwera ndi kutentha thupi, kukana chakudya, nthawi zina mkodzo wakuda. Pakhomo palibe chochita apa, kafunika jakisoni tsiku lomwelo.

4. Poizoni. Tameki amaonekera mwachangu, dovu lambiri, kunjenjemera minofu, kutsegula m'mimba, kupuma movutikira. Mankhwala ena a makoswe amabisala masiku atatu kapena asanu kenako kagalu kamayamba kutaya magazi mkati. Osakamwetsa mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere. Tengani paketi yake muthamange.

5. Kutentha. Okutobala ku Salima kapena ku Chikwawa, kapena kusiyidwa m'galimoto mawindo ali otseka, makamaka timitundu tankhope yophwatalala ngati Pug, Shih Tzu ndi Pekingese. Kamapuma mwawefuwefu lilime lili panja. Kanyowetseni ndi madzi wamba a pampopi, osati a ayezi, kakupizeni mphepo muli m'njira yopita kuchipatala.

Ngati mwapaka uchi ndipo pakutha mphindi 10 palibe kusintha, nyamukani. Olo kadzuke, kakaonedwebe tsiku lomwelo. Ndipo ngati zikumabwerezabwereza chikhalirecho kakudya bwino, auzeni a vet, chifukwa ma Yorkie ndi ma Maltese ena amabadwa ndi vuto la mitsempha ya chiwindi lomwe limaoneka chonchi.

Sikakudya

1. Malo achilendo. Tsiku loyamba kamasowa mayi ake, fungo lonse lasintha, anthu akungokanyamulanyamula. Kaikeni malo a phee, ana ayambe atalikira, kapatseni ndi dzanja.
2. Chakudya chachilendo kapena cholimba. Timano take sitiswa zakudya za agalu akuluakulu. Gulani cha tiana tamitundu ing'onoing'ono, munyike m'madzi ofunda mpaka chifewe. Zikavuta yesani nkhuku yowiritsa yopanda mchere, yonyenyanyenya.
3. Kakhuta zina. Ana amakapatsa mabisiketi, zitumbuwa, tchipisi mobisa, funsani bwinobwino.
4. M'kamwa mukupweteka, mwina mano akutuluka kapena kafupa kapanikizika kumwamba kwa kamwa. Tsegulani muone.
5. Matenda akuyamba. Parvo, matenda oopsa am'mimba omwe ndafotokoza m'munsimu, komanso matenda a nkhupakupa, onse amayamba ndi kukana chakudya zina zisanaoneke.

Pa nkhani ya chakudya ndinene poyera, nsima yokha ndi msuzi sizikuza kagalu kamtunduwu. Ngati ndalama ya chakudya cha m'sitolo yavuta mwezi umenewo, phala loikamo dzira lophika, nyama kapena usipa wotsuka bwino n'kusinja lithandiza, koma mufunse a vet za muyezo wake. Ndiwo zathu zimakhala ndi anyezi ndi adyo, zimenezi zimaononga magazi a galu. Chokoleti, mphesa ndi mtedza wa macadamia nazonso ndi poizoni kwa galu, ndipo mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka n'kubaya matumbo.

Kagalu kosakwana miyezi 4 kakakana chakudya kawiri motsatizana, imbani foni. Muzikayeza pa sikelo kawiri pa sabata n'kulemba, kakasiya kukwera kapena kakatsika ndiye kuti china chake chilipo olo kakuoneka kosangalala.

Kakutsegula m'mimba kapena kusanza

1. Mkaka wa ng'ombe. Aliyense amaganiza kuti kamwana kafunika mkaka, koma agalu ambiri akasiya kuyamwa mimba yawo siigaya bwino mkaka wa ng'ombe, kaya wa m'paketi kaya waufa. Siyani, madzi oyera akwana.
2. Kusintha chakudya mwadzidzidzi. Muzisintha pang'onopang'ono kwa masiku 7, chatsopano chiziwonjezekera chakale chizichepa.
3. Njoka zam'mimba. Pafupifupi tiagalu tonse timabadwa nazo kapena kuzitengera mu mkaka wa mayi. Kamimba kamakhala kotupa koma nthiti zikuoneka, ubweya wosawala, nthawi zina mumaziona m'chimbudzi zoyera zazitali zopindika. Mankhwala amaperekedwa masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Muyezo umatengera kulemera kwake, nde sikelo ija ndi yofunika. Njoka zimenezi zimalowanso mwa ana a anthu, muzitola chimbudzi tsiku ndi tsiku ndipo ana azisamba m'manja akasewera nako.
4. Katola zinthu. Zinyalala, mafupa, pulasitiki, sokosi. Ngati kakusanza mobwereza koma chimbudzi sichikutuluka, mwina china chatseka matumbo, izi ndi za opaleshoni.
5. Parvo. Ndaiika kumapeto chifukwa siichitika pafupipafupi ngati mkaka, koma ndi yomwe muyenera kuiganizira poyamba nthawi zonse ngati katemera sanathe. Kamayamba kukhala chete, kukana chakudya, kusanza ngakhale madzi, kenako chimbudzi chamadzi chosakanikirana ndi magazi, fungo lake loipa kwambiri moti ukalimva kamodzi sungaliiwale. Palibe mankhwala opha kachilomboka, chomwe chimapulumutsa ndi dilipi, mankhwala oletsa kusanza ndi oteteza ku mabakiteriya mpaka thupi litalimbana nako lokha. Tiagalu tofika msanga kuchipatala tambiri timachira, tosungidwa kunyumba tambiri timafa.

Anthu amadabwa kuti "koma sikanatuluke pageti, katenga kuti?" Kachilombo ka parvo kamabwera pansi pa nsapato, pa matayala, m'manja mwa mlendo yemwe wagwira galu wina, ndipo kamakhala m'dothi miyezi yambiri mpaka chaka. Sopo wamba sakapha. Sukani pansi, mbale ndi khola ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, musiye mphindi 10 musanatsukuluze. Ngati pakhomo panafa galu ndi parvo, musabweretse kena kosamaliza katemera, ndaona mabanja akutaya tiagalu motsatizana pabwalo limodzimodzi ndipo zimawawa kwambiri, makamaka kwa ana.

Katemera woyamba amabayidwa pa masabata 6 mpaka 8, kenako masabata atatu kapena anayi aliwonse mpaka kakwanitse masabata 16. Jakisoni mmodzi sateteza, chifukwa chitetezo chochokera kwa mayi chimasokoneza katemera woyambirira, n'chifukwa chake amabwereza. Asanathe onse, kasaponde pamsewu, pamsika kapena pomwe agalu ena amayenda, ngakhale kuchipatala komweko kakhale m'manja mwanu.

Ngati katsegula kamodzi kapena kawiri koma kakusewera, kakumwa, kakufuna chakudya, kapatseni mpunga wofewa ndi nkhuku yowiritsa pang'onopang'ono pafupipafupi. Osakasalitsa chakudya ngati momwe ena amachitira ndi agalu akuluakulu, shuga atsika. Tsinani khungu la pakhosi kumbuyo n'kusiya, likachedwa kubwerera ndiye kuti madzi atha m'thupi.

Pitani kuchipatala pompo ngati:
- muli magazi m'chimbudzi kapena m'masanzi
- kasanza koposa kawiri, kapena kakusanza ndi madzi omwe
- kakutsegula komanso kafooka
- padutsa tsiku lathunthu osasintha

Ndipo chonde, mankhwala a anthu ayi. Piritsi limodzi la Panado ndi 500 mg, la munthu wamkulu limenelo, kwa kagalu ka kilo imodzi likhoza kuononga chiwindi. Brufen amaboola m'mimba n'kupha impso. Flagyl ndi Bactrim omwe anthu amangogawana pa WhatsApp, muyezo wake kwa kanthu kakang'ono chonchi sungalote.

Kakulira usiku wonse

Kawirikawiri ndi kusungulumwa basi. Dzulo kanali kogona mounjikana ndi abale ake, lero kali kokha mu bafa mwamdima. Ikani katoni kake pambali pa bedi lanu masiku oyambirira, muikemo kansalu komwe mayi ake anagonapo ngati munapempha, kakalira mungotsitsa dzanja kanunkhize. Pakutha masiku angapo kamazolowera, kenako muzisuntha katoniko pang'onopang'ono kupita komwe mukufuna kazigona.

Zikapitirira onani izi motsatana: kakufuna kukodza, kazizidwa, kali ndi njala, utitiri ukukaluma. Kukatulutsa usiku kamodzi kapena kawiri n'koyenera pa msinkhu umenewu, muzichita mwakachetechete osasewera nako, kakodze kabwerere. Panja kasagone, pali kuzizira, agalu akuluakulu, njoka ndi akuba, ndipo pabedi panu kasagonenso chifukwa kakhoza kugwa kapena kugoneredwa.

Kulira kwa ululu n'kosiyana, kumakhala kokuwa, kamapinda msana, sikafuna kugwiridwa pamimba. Kumeneko n'kwa a vet.

Kakukodza ndi kuchita chimbudzi paliponse m'nyumba

1. Chikhodzodzo n'chaching'ono. Ka masabata 8 sikangasunge mkodzo kupitirira ola limodzi kapena awiri masana. Muzikatulutsa kakangodzuka, kakangomaliza kudya, kakangomaliza kusewera, pamalo amodzimodzi nthawi zonse, muime pomwepo mpaka kachite kenako kayamikireni ndi mawu okoma kapena kachakudya pompo. Kakayamba kununkhiza pansi n'kumazungulira, nyamulani.
2. Mwakapatsa nyumba yonse msanga. Kayambe ndi chipinda chimodzi chomwe mukukaona.
3. Fungo lakale. Inu mwakolopa simukumva kanthu, iko kakumva ndipo kabwerera pomwepo. Pukutani ndi viniga wosakaniza ndi madzi.
4. Mantha. Kukamenya ndi silipasi kapena kukanyika mphuno mu mkodzo sikuphunzitsa kanthu, kamangophunzira kuti pamaso panu m'poopsa, nde kamakabisala kuseri kwa sofa. Uzaninso aliyense wa pakhomo, kuphatikiza otithandiza ntchito, kuti lamulo ndi limodzi.
5. Chisangalalo. Tina timadontheza mkodzo mwini akafika, zimatha tikamakula, mungolowa mwakachetechete.
6. Matenda a m'chikhodzodzo. Kakukodza timadontho pafupipafupi, kakudzikakamiza, mkodzo uli ndi magazi, kapena kanali kataphunzira kale kenako kabwerera m'mbuyo. Kapimitseni.

Timitundu ting'onoting'ono timachedwa kuphunzira kuposa agalu akuluakulu, miyezi 6 kapena kuposerapo si zachilendo, nde musataye mtima.

Kakudzikanda, ubweya ukuthothoka, pali zotupa

1. Utitiri. Pesani ubweya cha kumchira pamwamba pa pepala loyera, mugwa timadontho takuda, mukatiika pa tishu yonyowa timasanduka tofiira chifukwa ndi magazi omwe utitiri wayamwa. Mankhwala alipo odontheza pakhosi ndi akumwa, koma ambiri ali ndi malire a msinkhu ndi kulemera, nde werengani paketi kapena funsani. Chapani zogonera m'madzi otentha, ndipo agalu ndi amphaka ena onse a pakhomo athandizidwe limodzi apo ayi utitiri ubwerera. Samalani, mankhwala ena a agalu amapha mphaka.
2. Nkhupakupa. Fufuzani m'makutu, pakati pa zala ndi m'khosi tsiku lililonse makamaka nthawi yadzinja. Gwirani pafupi ndi khungu mukoke molunjika.
3. Mphutsi. Nyengo ya mvula ntchentche ina imaikira mazira pa dothi kapena pa zogonera zonunkha mkodzo, timphutsi timalowa pakhungu n'kupanga zotupa zokhala ndi kabowo pakati, nthawi zambiri pamimba ndi kumapazi. Pakani Vaseline pa kabowoko, mphutsi imasowa mpweya n'kuyamba kutuluka, kenako finyani pang'onopang'ono ituluke yathunthu. Zikachuluka kapena zikakhala pafupi ndi maso, asiyireni a vet. Zogonera zake muzisita mukachapa.
4. Kusambitsa kwambiri. Ka Maltese koyera kamakopa kuti uzikasambitsa tsiku lililonse, koma sopo wochapira ndi shampu wa anthu amaumitsa khungu. Kamodzi pa masabata angapo ndi shampu wa tiagalu kwakwana, ndipo kaume bwinobwino msanga. Kupesa ndiye kwa tsiku ndi tsiku, ubweya ukapotana pansi pake pamabisala zilonda.
5. Mphere kapena zipere. Madazi ozungulira, nkhanambo m'mphepete mwa makutu. Zina zimapatsira anthu, nde mukaona ana ayambanso kudzikanda musachedwe. A vet amapala khungu pang'ono n'kuyang'ana pa makina kuti adziwe mtundu wake.

Dipi wa ng'ombe ndi oilo wakuda wa galimoto asayandikire kagalu kameneka. Dipi wokhala ndi mankhwala otchedwa amitraz ndi woopsa kwambiri kwa Chihuahua ndi tiana tonse tating'ono, ndipo oilo kamanyambita n'kudwala.

Kakutsokomola kapena kupuma modabwitsa

Nthawi zambiri ndi lamba wa m'khosi. Kholingo la timitundu timeneti n'lofewa, kakakoka chingwe limapanikizika n'kumatulutsa phokoso louma ngati tsekwe akulira. Gulani lamba wovala pachifuwa uja amati harness. Palinso kuja kamaima chilili, khosi lotambasula, kukoka mpweya m'mphuno mwaphokoso kwa masekondi angapo kenako n'kupitiriza kusewera, kumaopsa kuona koma sikupha, kasisiteni pakhosi katha. Chifuwa chopatsirana chimabwera kakakumana ndi agalu ena. Utsi wa mbaula, wa fodya ndi wa koilo wa udzudzu nawonso umatsokomoletsa.

Koma kutsokomola kokhala ndi mamina achikasu, manthongo m'maso ndi kufooka kukhoza kukhala chibayo kapena matenda oopsa opatsirana a agalu otchedwa distemper. Lilime likayamba kuda kapena kakamapuma ndi mimba, musadikire.

Kakutsimphina

Choyamba ganizirani kugwa. Mafupa a miyendo yakutsogolo ndi opyapyala, kudumpha pa sofa kapena kupulumuka m'manja mwa mwana n'kokwanira kuthyola. Ana azikanyamula atakhala pansi basi. Chihuahua amathanso kukhala ndi liwombo losatseka, nde mutu wake usagunde. Kenako onani minga, zikhadabo zothyoka ndi mphutsi pakati pa zala. Ngati kamathamanga n'kutukula mwendo wakumbuyo masitepe awiri atatu kenako n'kupondanso bwinobwino, ndi kafupa ka pabondo komwe kamaguluka, vuto lodziwika kwambiri kwa timitundu timeneti, lionetseni pa ulendo wa katemera. Mwendo wolendewera, wotupa, kapena wosaponda tsiku lonse ufunika X-ray, osamanga nokha ndi timitengo.

Kakuluma manja ndi kutafuna chilichonse

1. Masewera. Ndi momwe kamasewerera ndi abale ake. Kakaluma, siyani kusewera pompo, chotsani dzanja mukapatse chidole. Aliyense achite chimodzimodzi, osati wina akuletsa wina akuseka poti n'kakang'ono.
2. Mano. A ukhanda alipo 28, amagweruka kuyambira miyezi 3 kapena 4, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 pamakhala a ukulu 42. Nkhama zimayabwa, kapatseni chotafuna kapena kansalu konyowa kozizira, muli pomwepo. Nthambo za magetsi zibisike. Tiagalu tating'ono kawirikawiri timasunga mano akuthwa aja a ukhanda pomwe atsopano atuluka kale, mumaona awiri ataima limodzi, zakudya zimatsakamira pakati n'kuola. Akapitirira miyezi 7 amafunika kuzula, ndipo ambiri amazulira limodzi tsiku lofula kapena kutseketsa.
3. Kutopa. Kamwana kameneka kamagona nthawi yambiri ya tsiku, kakasowa tulo kamalusa.
4. Mantha. Kakamadzuma munthu akafuna kukanyamula, kakunena kuti katopa kugwidwagwidwa. Masabata oyambirira mpaka cha m'ma 14 ndi omwe kamaphunzira kuti dziko si loopsa, nde olo katemera sanathe, kanyamuleni m'manja kaone alendo, ana, njinga za kabaza, phokoso la jenereta, zonse modekha. Agalu olondera a pakhomo muwazoloweretse pali chotchinga pakati, ndipo musawasiye okha limodzi, kuluma kumodzi kokha kwa galu wamkulu kumatha zonse. Panja masana pazikhala munthu, kabawi sasankha.

Kalumidwa, kapena kaluma munthu mosadziwika bwino

Chiwewe chilipo m'Malawi muno ndipo chikangoonetsa zizindikiro sichichizika, kwa galu ngakhale kwa munthu. Kukhala m'nyumba si chitetezo, geti limatseguka. Katemera wa chiwewe amabayidwa pa miyezi 3, kenako tsatirani madeti omwe a vet alemba pa khadi. A bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu mwaulere ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo cha pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, madera ambiri kumakhala kampeni, koma musadikire kampeni ngati msinkhu wakwana.

- Kagalu kakalumidwa ndi galu wosadziwika, valani magolovesi kapena jumbo m'manja, tsukani bala, pitani kwa a vet tsiku lomwelo olo bala likuoneka laling'ono, mano a galu wamkulu amaononga mkati kuposa zomwe zikuoneka kunja.
- Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu yemwe katemera wake sakudziwika, atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo. Adziwitseninso a vetenale a m'dera lanu.
- Kagalu kotola pamsewu kapena kogula kwa munthu wosadziwika kakasintha khalidwe mwadzidzidzi, kutuluka dovu, kulephera kumeza, kuluma chilichonse, katsekereni pakokha osakagwira ndi manja, musalowetse zala m'kamwa kufufuza fupa, imbani foni.

Izi zikachitika siyani zonse munyamuke, kaya ndi usiku

- kakomoka, kakuphupha, kapena sikakutha kuima
- nkhama zatuwa, zachita chikasu kapena zada
- magazi m'chimbudzi, m'masanzi kapena mumkodzo
- kakulephera kupuma
- kadya poizoni kapena mankhwala a anthu, olo kakuoneka bwino
- kagwa n'kugunda mutu, kapondedwa, kalumidwa ndi galu kapena njoka
- mimba yatupa mwadzidzidzi ndipo yalimba
- kakudzikakamiza kukodza koma palibe chikutuluka
- diso latupa, latuluka kapena sikakulitsegula
- kutentha kwa thupi kwapitirira madigiri 39.5 kapena kwatsika pansi pa 37.5, poti kwabwinobwino ndi pakati pa 38 ndi 39.2

Imbani muli m'njira kuti akudikireni. Kakulungeni mu tawulo, tengani khadi la katemera, paketi ya chomwe kadya, chithunzi cha chimbudzi kapena masanzi pa foni, ndi uchi uja m'thumba. Ngati mukukayikira parvo auzeni musanalowe, akuuzani podikira kuti tiagalu ta anzanu tisatengere. Ndalama ikakhala yochepa nenani poyera pachiyambi pomwe kuti adokotala ayambe ndi chofunikira kwambiri, monga dilipi ndi jakisoni woletsa kusanza, zina zibwere pambuyo.